Miyendo Itatu, Mabowo Awiri

Amene amandidziwa kugombe la kuvuma kuno, kuyambira ku Malindi mpaka kuboma ku Mangochi, akudziwa kuti ine Maliko sukulu ndinalekezera sitandade 2. Izi ndikulemba pang'onopang'ono, tsamba limodzi patsiku, cholembera chikundipweteka chala kuposa chingwe cha khoka. Koma nkhani ya ulendo wathu wa ku Cuamba ndikufuna ndiinene ndekha, chifukwa anthu ayamba kuikamba mokhotetsa pabawo ngati anali nafe m'galimoto.

Mwana wathu wamkazi, Esitere, anakwatiwa ku Mozambique, m'tauni ya Cuamba. Anakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mphatso. Ndiye nyengo yotentha chaka chatha foni inalira: Esitere wachira, mwana wamwamuna. Ndisanamalize n'kulankhula komwe, akazi anga a Naphiri anali atayamba kupinda zitenje.

Chovuta ndi chifuwa chawo. A Naphiri ali ndi mphumu, ndipo mdani wawo wamkulu ndi fumbi. Kopopera m'kamwa ali nako, koma chifuwa chikatseka zenizeni sikaphula kanthu. Chimene chimawatsegula ndi makina amene mwana wathu wamwamuna anagula ku Blantyre, kabokosi koyera kukula ngati buledi. Umathira mankhwala m'kabotolo, kulumikiza kumagetsi, ndiye kamalira ngati chule n'kumatulutsa nthunzi yoti munthu apume kudzera m'chigoba cha pamphuno. Adokotala anatiuza poyera kuti mayiwa asapite kulikonse kumene makinawa sangayake.

"Ndipita," anatero a Naphiri. "Ngati n'kufa ndikafera pamaso pa mdzukulu wanga."

"Safa munthu," ndinawayankha. "Mukuyenda ndi ine."

Esitere anaimbanso. "Ababa, masoketi a m'makoma a kuno si ngati a kwanuko. Mugule adaputala musanaoloke."

"Iwe Esitere, nyali zophera usipa pa bwato langa amalumikiza kubatire ndani? Si ine? Usandiphunzitse magetsi."

Komabe ndinavomera kugula, kuti mwana asadandaule ali pachikuta.

Tinanyamuka Loweruka mbandakucha pa matola. Katundu wathu anali chikwama cha zovala, chikwama cha makina chimene sindinalole aliyense kugwira, ndi dengu la chambo chowamba chimene ndinasankha ndekha, choti ndikapereke kwa makolo a mkamwini wanga. Munthu wa kunyanja sulowa kwa asewere ako chimanjamanja.

Kuboma tinafika mabenchi a mumsika akutsegulidwa kumene. Ndinapita kwa bambo wina wogulitsa za mafoni.

"Ndikufuna adaputala yoyendera kunja."

Anandipatsa kachinthu koyera, kumaso kwake mabowo okhaokha, ozungulira, aatali, opingasa. "Iyi imalandira chilichonse, madala. Pulagi ya ku China, ya ku Joni, ya kulikonse, imangolowa."

Ine sindigula chinthu osachiyesa. Ndinatulutsa makina, kulowetsa pulagi yake m'kachinthuko, kachinthuko n'kulowetsa pasoketi ya benchi lake. Makina analira. Anthu anatembenuka kuyang'ana.

"Mwafunsa bwino kuti ndi ya ku Mozambique?" anatero a Naphiri.

"Mayi, kulira mwamva kapena simunamve?"

Ndinalipira, n'kuika m'thumba la jekete. Ndinali nditayang'ana kumaso kwake kokha.

Minibasi ya ku Chiponde tinaipeza ili ndi anthu asanu, ndipo woitanira analumbira kuti yatsala munthu mmodzi. Titakhala pansi, atatu mwa asanuwo anatsika. Anali anzake, ongokhalamo kuti ioneke yodzaza. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kuyamba kuwawa. Kondakitala anafuna kuti dengu langa lilipire mpando wake. Ndinamufunsa ngati nsomba zouma zimapinda mawondo. Anthu anaseka, iye n'kulikankhira pansi pa mpando, fungo lake n'kutiperekeza ulendo wonse.

Paphiri la Chowe minibasi inayamba kutsokomola, pakati pa chitunda n'kuwira. Tinatsika amuna tonse, kuika miyala kumatayala, dalaivala akuthira madzi a m'chigubu. Amayi anakhala m'kati. Ine ndinakankha nawo, ndi zaka zangazi, chikwama cha makina chili pakhosi, chifukwa sindikanachisiya pampando.

Pa Namwera tinaimanso nthawi yaitali kudikira anthu. Apa ndi pamene anakwera mayi wina wonenepa, wa mpango wobiriwira, ndi mabelo awiri a zitenje. Anakhala pafupi ndi a Naphiri, n'kundilonjera m'Chiyao, ine n'kuyankha m'Chiyao chomwecho, poti kwathu timakula nazo zilankhulo zonse ziwiri. Anati dzina lake ndi Abiti Sayidi, ndipo njira ya ku Cuamba amayenda mwezi uliwonse ndi malonda ake.

"Ambuje, m'chikwamamo muli golide?" anandifunsa, ataona mmene ndinachikumbatirira.

"Muli mpweya wa akazi anga."

A Naphiri anamufotokozera za mphumu. Abiti anasiya kuseka. "Msewu wa uko pena akukonza, galimoto zimapatukira kufumbi. Mwakonzeka za magetsi? Kuja n'kwina."

Ndinagunda thumba la jekete. "Zonse zili umu."

Ndikanaitulutsa pamenepo, mayi uja akanaiona n'kundiuza, ndipo pa Chiponde tikanagula yoyenera. Koma ndinali nditauzidwa kale ndi mwana wanga, kenako ndi mkazi wanga, ndipo sindinafune kuuzidwa kachitatu.

Pa Chiponde tinapeza mzera wa anthu wotuluka mpaka panja. Osintha ndalama anatizinga ngati ntchentche pa usipa wauwisi, koma Abiti anawathamangitsa, n'kutitengera kwa mmodzi amene amamudziwa. M'ofesi, bwana woona katundu anatsegula chikwama changa n'kufunsa ngati ndi wailesi yogulitsa. Ndinamupatsa kalata ya kuchipatala. Anaiwerenga kawiri, n'kuyang'ana a Naphiri, n'kudinda ziphaso zathu.

Kuchoka pa Chiponde kukafika pa ofesi ya ku Mandimba pali kamtunda ndithu, ndipo anthu amakwera kabaza. A Naphiri anakana njinga yamoto, ati sanakwerepo ndipo sayambira kudziko la eni. Tinatenga zakapalasa zitatu: ina iwo, ina ine ndi makina, ina dengu ndi zovala. Wondipalasa ine anali wowonda ngati bango. Pachitunda ndinamumvera chisoni, ndinatsika n'kuyenda pansi, koma ndalama analandira yonse.

Ku Mandimba zonse zinasanduka Chipwitikizi. Ndinayesa kukweza mawu kuti wa m'ofesi andimve, koma kukweza mawu sikumasulira. Abiti ndi amene anatiyankhira. Kenako anatitsogolera kumene kumaima ma shapa, ndiye dzina la minibasi kumeneko.

Shapa ya ku Cuamba inadzaza dzuwa litapendeka kale. Ndinapempha mpando wakutsogolo kuti a Naphiri akhale pabwino, koma unali utatengedwa ndi bambo wina wa taye amene sanatembenuke n'komwe. Tinapatsidwa mpando wakumbuyo kwenikweni. Chitseko chakumbuyo sichinkatseka chifukwa cha katundu, anangochimanga ndi chingwe, pansi pake patatsala mpata wolowa dzanja.

Pa tala zinali bwino. A Naphiri anadya nthochi, akukambirana ndi Abiti za mitengo ya zitenje. Kenako tinafika pokonza msewu paja, galimoto n'kupatukira kumbali. Fumbi lofiira linayamba kulowera pampata uja ngati utsi wa ng'anjo yowambira. Ndinavula jekete n'kutsekapo, ndinatsekanso ndi phazi. Silinamve. A Naphiri anadzifunditsa chitenje kumutu. Patapita kanthawi ndinamva kalikhweru kaja m'chifuwa mwawo, kamene ndimakadziwa ngakhale ndili m'tulo. Anapopera kopopera kawiri. Anadikira. Anapoperanso. Kalikhweru kanapitirira.

Ndinali pafupi kukuwa kuti dalaivala aime pamene tayala lakumbuyo linaphulika. Galimoto inayenda chopendama n'kukaima pa kamsika kena kamene dzina lake sindinaligwire. Chimene ndinaona ine ndi mapolo a magetsi, ndi nthambo imodzi yolowa m'kanyumba kometera, mmene munkalira wailesi.

A Naphiri anali atasiya kulankhula. Mapewa ankakwera ndi kutsika, milomo itayamba kuda. Ine ndi Abiti tinawagwira uku ndi uku mpaka m'kanyumbamo, jekete ndi chikwama cha makina zili paphewa panga. Munali amuna asanu ndi mmodzi ataunjikana pa wailesi kumvera mpira, ndi wometa, bambo wamfupi wa ndevu, amene ankalankhula Chimakuwa ndi Chipwitikizi basi. Abiti anamulankhula mwachangu. Iye anachotsa munthu pampando wometera, n'kukhazikapo a Naphiri, n'kundilozera soketi pakhoma.

Soketiyo inali yozungulira ngati kambale, ya mabowo awiri ozungulira. Ndinati ndi nthawi yake imeneyi. Ndinatulutsa adaputala yanga, kulowetsamo pulagi ya makina, n'kupita nayo kukhoma. Sinalowe. Ndinaitembenuza. Inali ndi miyendo itatu yamakona, yofanana ndendende ndi ya pulagi imene ndinkafuna kuithandiza.

Apa mundimve bwino inu amene mukufuna kuoloka malire. Adaputala zambiri za m'misika yathu ndi zoti katundu wakunja alowe m'khoma la ku Malawi. N'chifukwa chake inagwira ntchito pa benchi la ku Mangochi: khomalo linali lathu lomwe. Ine ndinkafunika yotembenuza, ya mabowo a kwathu kumaso, miyendo iwiri yozungulira kumbuyo. Wogulitsa uja sananame, imalandiradi chilichonse. Koma iyo kuti ilandiridwe n'kwathu kokha.

Ndinakankha ndi mphamvu, ngati khoma lingasinthe maganizo. Mmodzi mwa amuna aja anaseka. Ndinafunsa kudzera mwa Abiti ngati pali amene ali ndi adaputala yoyenera pamsikapo. Panalibe. Ati zimenezo n'za ku Mandimba kapena ku Cuamba.

Ndinatulutsa mpeni wanga wotumbulira nsomba. Kwathu pulagi ikakana timaidula, kusenda mawaya, kulowetsa m'mabowo n'kukhomera ndi timitengo ta machesi. Ndachitapo kambirimbiri. Koma nditangoika mpeni pa nthambo, wometa anandigwira dzanja, akulankhula mokalipa.

"Akuti m'nyumba mwake simulowa waya wamaliseche," anamasulira Abiti. "Akutinso salumikiza chinthu asanadziwe mphamvu yake. Mbale wake anamutumizira makina ometera ochokera ku Amereka, a 110. Magetsi a kuno ndi a 220. Atangolumikiza anaphulika, utsi tolo, khoma n'kuda. Ndi apo, akulozapo."

Pakhoma panalidi chipsera chakuda pamwamba pa soketi. Ndinayang'ana a Naphiri. Sankatha kulankhula, koma anapukusa mutu akuyang'ana mpeni. Ndinamva chimene ankanena. Makina ndi amodzi. Ndikawaotcha, palibenso ena kuno kapena kwathu.

"Mphamvu yake imalembedwa pati?"

"Akuti pansi pake."

Ndinagadabuza makina. Panali kapepala ka zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Zilembo zotere zimandigonjetsa, koma manambala ayi. Munthu amene wagulitsa nsomba zaka makumi asanu sasokonezeka ndi nambala. Ndinayendetsa chala mpaka ndinapeza: 220, kamzere, 240. Ndinamuonetsa wometa. Anawerenga, n'kugwedeza mutu kuvomera. Mphamvu inali yogwirizana. Chotsala chinali pakhomo polowera.

Makina ali chogadama choncho m'manja mwanga, ndinaona chimene sindinachionepo zaka ziwiri zonse zimene akhala m'nyumba mwathu. Nthambo yake si yomera m'kati. Imachita kulowetsedwa kumbuyo, ndipo kumapeto kwake kuli kamutu kooneka ngati nambala 8. Ndinakoka, inazuka. Kamutu kameneko ndinali nditakaonapo kwina. Wailesi yanga yakale ya makaseti inali nako.

Ndinatembenukira ku wailesi ya wometa, imene inali pa shelefu ikukuwa mpira. Ndinadutsa pakati pa amuna aja, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunali nambala 8 yomweyo, ndipo nthambo yake inkathera pakhoma lina ndi miyendo iwiri yozungulira.

Sindinapemphe. Ndikuvomera, ndipo ndinapepesa pambuyo pake. Ndinazula. Wowulutsa mpira anadukira pakati pa mawu, ndipo amuna onse anaimirira nthawi imodzi. Wina anandigwira kolala ya malaya.

"Abiti, auzeni andimenye ndikamaliza. Panopa andipatse njira."

Sindikudziwa chimene Abiti anawauza, koma chinali chachitali kuposa changa, ndipo ankaloza a Naphiri. Dzanja lija linandisiya. Ndinalowetsa kamutu ka nthambo ya wailesi kumbuyo kwa makina. Kanalowa ngati kwawo. Wometa mwiniwake anatenga pulagi n'kuilowetsa pakhoma. Ndinathira mankhwala m'kabotolo, dontho limodzi n'kugwera pansi, kuwaveka chigoba a Naphiri, n'kudina batani.

Chule uja analira. Nthunzi inatuluka.

Amuna a mpira aja anaima mozungulira, akuyang'ana mapewa a mkazi wanga ngati ndi pamene pali zigoli. Mankhwalawa satha msanga, amafuna nthawi yokwana kuphika tiyi n'kumwa. Tisanafike ndi pakati pomwe, hutala inalira panja. Tayala linali litamangidwa.

Abiti anasuzumira. "Dalaivala akuti akunyamuka. Wachedwa kale, ndipo bambo wa taye uja akukalipa."

"Ina ibwera nthawi yanji?"

"Lero ayi. Mwina mawa masana."

Kugona pamenepo sikukanatheka, ndipo kuchotsa chigoba mankhwala asanathe sikukanathekanso. Ndinamuuza Abiti kuti agwirizire kabotolo kasapendeke. Ine ndinatuluka, n'kukaima kutsogolo kwa shapa, manja onse awiri pagalasi.

Dalaivala analiza hutala. Anatulutsa mutu n'kunditukwana m'Chipwitikizi. Ndinamuyankha m'Chichewa, ndi mawu amene ndimaitanira bwato lili pakati pa nyanja, kuti akazi anga akumwa mankhwala ndipo galimoto iyi inyamuka iwo akamaliza. Anayendetsa pang'ono mpaka bampala inandigunda maondo. Sindinasunthe. Ndinabwereza zomwezo m'Chiyao. Anthu a pamsika anayamba kusonkhana. Kenako amuna awiri a mpira aja anatuluka m'kanyumba muja, mmodzi ndi yemwe uja anandigwira kolala, n'kudzaima pambali panga. Dalaivala anatiyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kuzimitsa injini.

Nditabwerera m'kati, nthunzi inali ikutha. Mapewa a a Naphiri anali atatsika. Anachotsa okha chigoba, kupuma kamodzi mpaka pansi, n'kundiyang'ana.

"Abambo a Esitere," anatero ndi mawu osasa, "ija imalandira chilichonse ija ili kuti?"

Abiti anaseka mpaka kukhala pansi, n'kumasulira, nyumba yonse n'kuseka. Ndinawasiya aseke. Munthu amene akutha kunyoza mwamuna wake ndiye kuti mpweya wabwerera.

Koma ulendo unali usanathe. Kutsogolo kunali fumbi lina, ndipo Abiti anati ku Cuamba tikafika masitolo atatseka, mawa lake n'Lamulungu. A Naphiri amafunika makinawa madzulo ndi m'mawa. Nthambo ija ndinkaifuna. Ndinatulutsa ndalama, wometa anakana. Ati akagulitsa, wailesi ikhala chete mpaka wina adzapite kutauni, ndipo wailesiyo ndi imene imamuitanira anthu ometetsa.

Ndinapita kugalimoto, kukoka dengu pansi pa mpando, n'kudzalitula pakati pa nyumba. Nditachotsa nsalu pamwamba, fungo linalankhula lokha. Kumtunda kumeneko chambo chotere sachiona. Wometa ananyamula chimodzi, kuchitembenuza, kuchinunkhiza. Anatenga zitatu n'kuyang'ana nkhope yanga. Ndinakankhira dengu lonse kwa iye, n'kuloza amuna aja kuti agawane nawo. Anakulunga nthambo bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Kwa asewere mukalowa ndi chiyani?" anandinong'oneza a Naphiri tikutuluka.

"Ndi inu."

Kugalimoto tinapeza mpando wakutsogolo uli wopanda munthu. Dalaivala anali atamusamutsira kumbuyo bambo wa taye uja, ndipo anatsegulira yekha chitseko a Naphiri, osandiyang'ana ine. Ananyowetsa kansalu ndi madzi a m'botolo lake n'kuwapatsa kuti aphimbe pamphuno. Ine ndinabwerera kumpando wanga wafumbi, pafupi ndi wa taye, mpaka ku Cuamba.

Tinafika dzuwa litangolowa. Mkamwini anatichingamira pa siteji, Abiti n'kutsanzika ndi mabelo ake pamutu pa onyamula. Kunyumba anthu anali atadzaza pakhonde, makolo a mkamwini ali pomwepo. Ndinawapatsa moni ndi manja opanda kanthu, koma ndinati za nsomba ndifotokoza mawa. Amayi ake a mkamwini anawatenga a Naphiri kulowa nawo kuchipinda kumene kunali Esitere ndi mwana.

Ine ndinapempha mkamwini andionetse kaye soketi ya mmene tikagone. Mabowo awiri ozungulira. Ndinagwada, kulowetsa nthambo ya wometa, kudina batani. Makina analira. Ndinazimitsa.

Ndili chigwadire choncho ndinamva nthungululu kuchipinda kuja. Mawuwo ndinawadziwa, ndakhala nawo zaka makumi anayi ndi zisanu. Inakwera, n'kukwerabe, yaitali, osadukiza, mpaka agalu a kwa aneba anayamba kuuwa. Mkamwini anati, "Ababa, tiyeni mukamuone mwana."

"Dikira," ndinatero. "Amalize kaye."